Che Imedi, Telala Amene Anadya Poyera

Chatha chaka chimwalirireni amalume anga, Che Imedi, koma pa Mangochi pano pali anthu amene pakamwa pawo sipanatopebe. Ukangotchula dzina lawo, wina amayamba wakhosomola kaye kenako n'kufunsa kuti, "Aja anadya masana a Ramazani pakhonde aja?" Eya, omwewo. Anadyadi, ndipo ine ndinalipo. Amene akufuna kuwaweruza ayambe wamva kwa ife amene tinkakhala nawo, osati kwa anthu amene ankangodutsa pamsewu atakwera kabaza.

Che Imedi anali achimwene awo a mayi anga. Ntchito yawo inali ya utelala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la kashopu kanga, m'mphepete mwa msewu wopita kumsika. Anali munthu wamtali, mzuli woyera kumutu, tepi m'khosi, mapini kukamwa. Ankatha kukalipira munthu mapini ali kukamwa osagwetsa ngakhale imodzi. Tsiku limene akuuza kuti udzatenge chovala chako silinali lotengera chovala ayi, linali lodzamva tsiku lina. Ukadandaula ankati chovala chosokedwa mothamanga chimakuyalutsa m'khwapa pa ukwati wa eni. Anthu ankanyinyirika koma ankabwererabe, ena kuchokera ku Makanjira pa lole, chifukwa mkanjo wosoka Che Imedi unkakhala pathupi ngati unabadwa nawo.

Analinso ndi ntchito zina ziwiri zosalandira kanthu. Yoyamba inali yoitana azana, mfuu yoitanira anthu ku mapemphero, pa mzikiti wathu waung'ono. Imeneyi ndiye ankainyadira mosabisa. Ankati asodzi a kutsidya kwa Shire amamva mawu awo magetsi atazima, opanda chimkuzamawu, ndipo sindikuganiza kuti ankanama kwambiri. Yachiwiri inali yodula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Kukagwa zovuta m'dera lathu, anthu ankayamba afika pakhonde paja asanapite kwina. Iwo ankasiya chilichonse, n'kupukuta sizasi, n'kufunsa funso limodzi lokha: wamwamuna kapena wamkazi? Pa sanda pokha sankachedwa.

Tiyi ankamukonda ngati mwana. Shuga ankathira mpaka supuni kuima, mandasi awiri pambali. Matenda a shuga atawapeza, woyamba kuzindikira anali tepi yawo yomwe. Anabweza thalauza lawo m'chiuno kawiri mwezi umodzi, ludzu losatha, ulendo wa kuchimbudzi osawerengeka. Kuchipatala anawauza kuti ndi shuga, BP nayonso yakwera. Adokotala anawalankhula mosapita m'mbali kuti shuga sayenda yekha, amadya mitsempha pang'onopang'ono, ndipo ambiri odwala matendawa chimene chimawagwetsa ndi mtima. Anabwera kunyumba atakwiya ngati adokotalawo ndi amene awapatsa matendawo.

Mwana wawo Rajabu, amene amagwira ntchito ku Joni, atamva anatumiza katundu pa basi: foni yotsetsereza ndi chala, lamba wa pamkono woyezera BP, ndi kachipangizo kobaya chala koyezera shuga. Mufoni muja anaikamo kapulogalamu ka odwala shuga. Ntchito yake inali kukumbutsa nthawi ya mankhwala, kusunga manambala a shuga ndi a BP ukawalemba, kuona ngati wayenda tsiku limenelo, n'kumatumiza zonsezo kwa Rajabu. Amalume anakamvetsera kakulira m'thumba masiku angapo, kenako anakapatsa dzina. Ankati ndi apongozi. Chifukwa chake, ankati, munthu amene amadziwa chimene wadya, kumene wapita ndi nthawi imene wagona, n'kukanenanso kwa ena, ndi apongozi basi.

Nkhondo yawo ndi apongoziwo inali yoseketsa poyamba. Foni inkawayamikira tsiku lililonse kuti ayenda mtunda wautali, pamene munthuyo sanachoke pampando. Rajabu anaimba kuchokera ku Joni, mawu odzaza chimwemwe.

"Ababa, ndiye mukuyendatu! Mukumafika kuti, kwa Mponda?"

"Kwa Mponda kukatani? Ine ndili pompano."

"Nanga foni ikuti mwayenda tsiku lonse?"

Tinachita kuzindikira mochedwa kuti foniyo inkakhala m'thumba la thalauza, ndipo mwendo ukamapalasa makina iyo inkayesa kuti munthu ali paulendo. Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinawauza kuti apeza njira yabwino yotsekera apongozi pakamwa. Iwo sanaseke. Anati moyo wawo wonse sanauzepo munthu wonenepa kuti waonda pofuna kumusangalatsa, ndiye sangayambe lero kunamiza tepi ya eni. Kuyambira tsiku limenelo foni inkakhala pamwamba pa makina, ndipo m'mawa uliwonse akatuluka mumzikiti ankayenda ndi miyendo yawo mpaka pa mlatho n'kubwerera.

Musayese kuti anasanduka kapolo wa foni. Ankakangana nayo mokweza ngati munthu. Ikawauza zakudya za mayina achilendo ankaifunsa ngati inafikako kumsika wa pa Mangochi. Bandulo ikatha ankati apongozi anyanyala. Koma mchere anachepetsa, chambo chokazinga chinasanduka chowiritsa, tiyi ankamwa wosathira kanthu nkhope itachita tsinya. Tsiku la sikelo ya odwala shuga ankapita kuchipatala foni ili m'manja, n'kuonetsa adokotala m'mene manambala ayendera mwezi wonse, ndipo kangapo anawasinthira mankhwala chifukwa cha zimenezo. Ndikawaseka kuti apongozi awagonjetsa, ankati wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale wopanda ulemu.

Kuti mumvetse za tsiku la Ramazani lija ndiyenera kubwerera m'mbuyo, kwa mayi anga. Nawonso anali ndi shuga, ndipo ndi amene anayamba kudwala. Ankadziwa iwo, ine ndi amalume basi. Anatiletsa kuuza munthu. Mwezi wofunga, wosala kudya masana, ukafika ankafunga monga aliyense, mankhwala n'kumamwera pa daku, chakudya cha m'bandakucha, kenako tsiku lonse osalawa kanthu. Ankati sangalole kuti azimayi anzawo aziwaloza chala. Tsiku lina chakumadzulo, akukonza futari, chakudya chomasulira dzuwa likalowa, kuseri kwa nyumba, anakhala pansi n'kunena kuti pachifuwa pawathina. Ndinabwera ndi madzi, anakankha kapu. Anati dzuwa latsala pang'ono kulowa. Pofika kuchipatala anali atapita kale. Sanda yawo anadula ndi Che Imedi, ndipo sanafunse funso lawo lija. Mpaka lero ndikakumbukira kapu imeneyo mtima umandiwawa, ndipo ndimakwiya, ngakhale sindidziwa bwinobwino kuti ndikukwiyira ndani.

Chaka choyamba chimene amalume anali ndi foni, Ramazani isanayambe adokotala anayang'ana manambala aja n'kuwauza kuti asafunge. Shehe wathu nayenso anawauza kuti chipembedzo sichikakamiza wodwala, angathe kumadyetsa wosauka m'malo mwake. Iwo anavomera ndi mutu konsekonse, n'kubwera kunyumba, n'kufunga. Munthu woitana anzake ku swala, mapemphero a kumzikiti, adye masana? Kunyada kunawagwira, nawonso anali munthu.

Linali Lachisanu, dzuwa la pa Mangochi lili pamutu, anthu akuchokera ku swala ya Juma. Amalume anali atangokhala pamakina, mikanjo ya chikondwerero cha Idi itaunjikana pambali. Ndinamva makina akulira modukiza. Nditasuzumira ndinaona thukuta lili chuchuchu, manja akunjenjemera, msoko wapita kumbali. Telala ameneyu sanakhotetsepo msoko chibadwire changa. Anabaya chala, analemba nambala mufoni, ndipo foni yonse inafiira n'kuyamba kulira. Inati shuga watsika kwambiri, adye chotsekemera nthawi yomweyo.

"Amalume, lowani mkati," ndinatero. "Kuseri kwa katani kuli mpando, palibe aone."

Anandiyang'ana, maso ofiira.

"Abiti Kasimu," ananditchula dzina, "mayi ako anafera kuseri. Bweretsa pompano."

Ndinasungunula shuga m'kapu ya madzi, ndinatenganso nthochi ziwiri. Ananena bisimila mokweza, anamwa, n'kuyamba kusenda nthochi, nkhope italoza kumsewu. Anthu anaima. Wa kabaza wina anatsala pang'ono kugwetsa kasitomala. Kenako manong'onong'o anayamba.

Amene anatuluka m'gulumo anali Che Sumani, mnzawo wa kuubwana. Awiriwa anavinidwa limodzi ku jando, anakwatira chaka chimodzi, ndipo madzulo ambiri ankasewera bawo pakhonde lomwelo.

"Che Imedi, mwapenga? Mwezi uno? Lachisanu?"

"Ndikudwala, Che Sumani. Shuga watsika."

"Wodwala amadyera m'nyumba! Ana akuonatu awa. Inu woitana azana, mawa tidzawauza chiyani?"

"Mudzawauze kuti Che Imedi ali ndi shuga, ndipo Mulungu anamulola kudya."

"Wakulolani ndi Mulungu kapena kafoni ako? Kasanduka shehe wanu tsopano?"

Amalume anamaliza kutafuna kaye. Manja anali atayamba kukhazikika.

"Foni yandiuza za magazi anga. Za Mulungu anandiuza ndi shehe, inu muli pomwepo. Ine ndadula sanda zambiri mwezi ngati uno, achimwene. Ndimadziwa amene anapita nthawi yawo itakwana, ndimadziwanso amene anapita chifukwa choopa maso anu. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ine kuuna sindiferako."

Che Sumani analavula pambali n'kuchoka. Bawo linathera pomwepo.

Akuluakulu a pamzikiti anawaitana. Ndinene zoona, shehe sanawanyoze. Anati kudya sanalakwe, ndipo akanapitiriza kufunga ndi pamene akanalakwira thupi lawo. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti azidyera m'nyumba monga achitira odwala onse, polemekeza amene akufunga. Ndi mwambo wathu umenewo, ndipo si wopusa. Wina aliyense akanavomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Amalume anakana. Anati kubisalako n'kumene kumachititsa odwala kuganiza kuti akuba, ndipo munthu amene akudziona ngati wakuba amalolera kufa kusiyana n'kugwidwa. Anati m'dera lathu odwala shuga ndi BP ndi ambiri kuposa amene amavomera, ndipo pakufunika nkhalamba imodzi yopanda manyazi yoti azionerapo. Akuluakulu anati ngati ndi choncho, azana ayambe apumira. Anaipereka kwa Che Sumani.

Chimenechi chinawapweteka, ndisakunamizeni. Makasitomala ena anabwera kudzatenga nsalu zawo za Idi zisanasokedwe, iwo ankangopinda bwinobwino n'kupereka. Zimenezo sizinawagwedeze. Koma nthawi ya swala ikakwana, mawu a Che Sumani akamveka pa chimkuzamawu, mwendo unkaima pamakina. Milomo yawo inkayenda yokha kutsatira mawuwo, ndipo pamene Che Sumani wafupikitsa mpweya nkhope yawo inkachita makwinya. Kenako ankanyamuka, kukatawaza, n'kukaima pamzere woyamba kumbuyo kwa anthu omwe anawachotsawo. Sanasinthe mzikiti, sanaphonye swala. Ndinawauzapo kuti angopepesa pakamwa pokha kuti awabwezere azana yawo. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti anamize anthu pa chinthu chimene anakana kunamiza foni.

Masiku otsala a mwezi umenewo, ndi Ramazani zonse zimene anakhalanso ndi moyo, apongozi akalira masana amalume ankayala kansalu pamakina, n'kudya chakudya chawo chochepa, n'kumwa mankhwala. Sankadya monyoza ayi. Sankatafuna mokweza kapena kuitanira munthu. Ankangodya ngati munthu amene akumwa mankhwala, chifukwa n'zimene zinali. Madzulo aliwonse mbale ya futari inkapita kwa mayi wina wamasiye wa kuseri kwa msika, monga shehe ananenera.

Ndipo anthu anayamba kubwera, koma mozemba. Mayi wina ankabwera ndi siketi yoti aikire zipi, zipi ili bwinobwino. Bambo wina ankadzafunsa mtengo wa mkanjo chaka chonse osasoketsa. Akaona kuti pamsewu palibe wowadziwa, ankatsitsa mawu: "Che Imedi, tandiyezaniko ndi kalamba kanu kaja, mutu ukumandiwawa kunkhongoku." Iwo ankawayeza. Manambala a eni sankawalemba mufoni mwawo, ankati apongozi angasokonezeke n'kukanena bodza ku Joni. Akaona kuti nambala yakwera sankapereka mankhwala awo kapena malangizo a m'mutu mwawo. Ankati iwo ndi telala, chigamba amaika pa nsalu osati pa mtima, ndipo ankamuuza munthuyo tsiku la sikelo kuchipatala. Ena ankachita kuwaperekeza okha. Ambiri mwa amene anathandizidwa choncho ali moyo, ndimawaona, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amakhosomola dzina la amalume likatchulidwa.

Anamwalira m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuwomba. Anabwera kuchokera ku mlatho m'mawa akupuma movutikira, nati pachifuwa pawalemera. Sanabise, sanadikire. Anandiuza ndiitane galimoto, ndipo m'njira anandipatsa foni kuti ndikaonetse adokotala. Anagonekedwa masiku ochepa, Rajabu anafika kuchokera ku Joni n'kuwapeza akulankhula, anatsanzikana bwinobwino. Mtima unaima Rajabu atawagwira dzanja.

Pamaliro pomwepo ndinamva wina akunong'ona kuti nanga kafoni kaja sikanawapulumutse bwanji. Ndinadzigwira chifukwa panali pamaliro. Ndiyankhe pano. Palibe anati foni imaletsa imfa. Amalume ankadziwa bwino kuposa tonsefe kuti sanda ya munthu aliyense ilipo kale pa mpukutu. Chimene anakana n'kuthamangira sandayo chifukwa cha manyazi. Anakhala zaka zingapo pambuyo pa tsiku limene akanagwa pamakina paja, anasoka diresi la ukwati la mdzukulu wawo, ndipo anapita atatsanzika. Mayi anga mwayi umenewo sanaupeze. Azana sanawabwezere mpaka kufa, ndipo iwo sanaipemphe.

Makina anatenga Rajabu. Pakhonde patsala mabowo anayi pa simenti pamene miyendo ya makina inadya pansi, ndi banga la mafuta limene lakana sopo. Anyamata ogulitsa mayunitsi ndi okonza mafoni akhala akundivutitsa kuti ndiwabwereke malowo. Ndimakana. Ndinangosiyapo benchi lawo lija, ndipo nthawi zambiri limakhala lopanda munthu.

Ramazani yapitayi, tsiku lina masana, ndinamva benchi likulira. Nditatuluka ndinapeza Che Sumani atakhala, mzuli uli m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Akalamba kwambiri chaka chimodzi chokhachi, mkanjo ukuchita kulendewera. Chimwalirireni amalume anali asanapondepo pakhonde panga, ngakhale jeneza yonyamulira malirowo anasenza nawo. Tinapatsana salamu. Anayang'ana mabowo a pa simenti aja kwa kanthawi, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala ka mapilitsi a kuchipatala. Ndinawazindikira mapilitsiwo, anali a shuga ngati a amalume.

"Abiti Kasimu, miyendo ikunjenjemera," anatero motsitsa. "Adokotala anati ndikamva chonchi ndisadikire. Kuseri kwa katani kwanu kuja kuli malo?"

Malo analipo. Ndinaganiza za mayi anga, ndinaganiza za amalume, ndipo mtima wanga unauma gwa.

"Kuseri kwadzaza katundu, Che Sumani. Malo alipo ndi pomwe mwakhalapo."

Ndinalowa, ndinasungunula shuga m'madzi, ndinawapatsa kapu m'manja. Ndinaima pafupi, chifukwa akanazengereza kwambiri ndikanawalowetsa ndithu, sindikanalola munthu kugwa pakhomo panga. Pamsewu pankadutsa anthu, ena owadziwa bwino, ena oti amaswali kumbuyo kwawo. Che Sumani anayang'ana kapu, anayang'ana msewu. Anavala mzuli wawo, nakhala tsonga.

"Anali wamakani mnzanga uja," anatero.

Ananena bisimila, n'kumwa madzi onse, nkhope italoza kumsewu.